Mawu Atatu Amene Tenson Anamva

M'zaka zomaliza za m'ma 1990, mlendo akafunsa njira kwa Tenson Daka wa ku Bundabunda sankalozeredwa ndi chala. Tenson ankatukula chibwano n'kusongola milomo cha kumene munthuyo akupita, dzanja lamanja lili m'thumba la jekete ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Alendo ankayesa mwano. Eni dera ankangoti mdalayo ndi mmene alili masiku ano, ngati kuti aiwala kuti zaka ziwiri zokha m'mbuyomo munthu yemweyo ankalankhula ndi thupi lonse, manja, mapazi ndi nsidze zomwe, ndipo anthu ankapalasa njinga mtunda wautali kudzangomuona.

Kwawo kunali ku Katete. Anafika kuno ndevu zikumera kumene, n'kuyamba ntchito yokama ng'ombe pa famu ya mzungu wina cha ku Palabana. Sukulu sanapite nayo patali, koma khutu lake linali lakuthwa. Zaka khumi ndi ziwiri za m'khola zinam'patsa Chingelezi cha mzungu uja: chokalipira ng'ombe, choitanitsira ndowa, chofunsira amene wasiya geti chitsegulire. Anasokererapo cha pa wailesi ndi cha m'nyimbo za kutchalitchi. Tisanamizane, chinali Chingelezi cha zigamba, koma mwini wake ankadziwa kuchisita n'kuchivala ngati chongogula kumene.

Famu ija itagulitsidwa, Tenson anatenga mkazi wake Nelesi ndi mwana wawo Juliet, amene anali asanayambe sukulu, n'kukapempha malo olima kwa Asoli, eni nthaka a ku Bundabunda. Malo amene anapatsidwa anachita malire ndi munda wa a Jafali. A Jafaliwo anali Msilamu mmodzi yekha m'dera lonselo, Myao wobadwira ku Chipata, munthu wamfupi wosalankhulalankhula, wa kachipewa koyera koluka kamene fumbi linkachita ngati likukaopa. Chaka choyamba, chimanga cha Tenson chisanache, banja lake linkadya za m'nkhokwe ya a Jafali. Pokhala onse a kum'mawa pakati pa Asoli, amuna awiriwa ankaitanana kuti m'bale, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti Tenson akati m'bale wanga sakunena munthu wina.

Za kapembedzedwe ankangosekana nazo. Mwezi wosala kudya ukafika, Tenson ankadutsa dala pa malire akukukuta chimanga chootcha, a Jafali n'kumufunsa ngati Mulungu wa anthu oomba m'manja ali ndi vuto la makutu, popeza amachita kum'fuulira chotero. Komabe Tenson sanawetepo nkhumba ngakhale zinali ndi msika. Lamulungu a Jafali ndiwo ankayang'anira ng'ombe zake kuti zisalowe m'minda ya anthu, ndipo Lachisanu Tenson ankabweza. Juliet anakula akuwatcha amalume.

A Jafali ankalima mapira ndi mtedza, koma ankadziwika ndi mpeni. Paukwati, pamaliro, pa Khirisimasi pomwe, mbuzi inkadikira iwo. Sikuti Akhristuwo ankasamala za Chisilamu ayi. Ankangodziwa kuti nyama yozinga a Jafali imatuluka yoyera, siinunkha msanga, ndipo chikopa chimachoka chosabooka. Kachitidwe kawo kanali kamodzi nthawi zonse. Ankakumba kadzenje, n'kugoneka mbuzi khosi lili pakadzenjepo, nkhope italoza cha kumpoto, n'kutchula dzina la Mulungu m'Chiarabu motsitsa mawu. Magazi akatha kukha ankafotsera bwinobwino n'kupondaponda kuti agalu asanyambite. Ana anakulira kuona zimenezi ndipo panalibe amene ankazitenga ngati nkhani. Akulu a mpingo ankalandira mwendo wawo n'kukanyambita zala kunyumba.

Tenson nayenso anali ndi luso lake. Mpingo wawo unali umodzi mwa mipingo yatsopano ija, ndipo kawirikawiri unkalandira alaliki a ku Lusaka amene ankaona ngati Mzimu umatsika msanga m'Chingelezi. Pankafunika womasulira, ndipo womasulirayo anali Tenson. Ntchito imeneyi ili ndi malamulo ake osalembedwa. Mlaliki akaponda pansi, nawenso uponde. Akaloza, uloze. Akalira, usaume m'maso. Koma lamulo lalikulu n'lakuti usafupikitse. Anthu sadziwa Chingelezi, koma amadziwa kutalika kwa mawu. Mlendo akalankhula mpaka kutha mpweya iwe n'kunena timawu tinayi, amayi a kumbuyo amayamba kung'ung'udza kuti wadya mawu. Tenson sanadyepo mawu a munthu. Pamene khutu laphonya ankathirapo ake, ngati mmene mayi amathirira madzi m'ndiwo alendo akachuluka. Tsiku lina mlaliki wina anasochera yekha n'kuyamba kudandaula za galimoto yake yofera panjira, Tenson n'kusandutsa dandaulolo kukhala fanizo la ngolo yopanda ng'ombe, ndipo amayi awiri analapa pomwepo. Palibe amene ankavulala nazo.

Dzina linakula. Anthu ankam'bweretsera makalata a ku boma ndi mapepala a mankhwala a ng'ombe kuti awawerengere. Ankamutcha ba Ticha ngakhale anali asanaimepo kutsogolo kwa kalasi. Dzinalo ankalikonda kuposa munda wake. Mantha ake aakulu, amene sanauzepo ngakhale Nelesi, anali akuti tsiku lina kudzabwera munthu wodziwadi Chingelezi n'kukhala pansi kumvetsera.

Mu Ogasiti 1997 kunachitika msonkhano waukulu wa chitsitsimutso. Anakhoma tenti pa bwalo la mpira, anabweretsa jenereta ndi zokuzira mawu, ndipo mlaliki anali wa kutsidya kwa nyanja, chimunthu cha thukuta, Chingelezi chake chotulukira m'mphuno. Masiku amenewo nkhani za a sataniki zinkafika ndi minibasi iliyonse yochokera ku tauni: akuti kuli anthu olemera ndi magazi a anzawo, akuti amachitira misonkhano pansi pa nyanja. Mlalikiyo anapeza moto woyaka kale, iye n'kungosonkhezera. Masiku atatu anafuula kuti dziko la Zambia linaperekedwa kwa Yesu, ndipo aliyense wopemphera mwa njira ina ndi khomo lolowerapo mdyerekezi. Tenson anamasulira zonsezo ndi mtima wonse, akudumpha pamene mlendo wadumpha. Sizinam'bwerere m'mutu kuti mawuwo angagwere munthu amene iye akum'dziwa, ngakhale mkazi wa a Jafali anali panja pa tenti pomwepo akugulitsa zitumbuwa kwa olapa.

Tsiku lomaliza masana kunauka mphepo ija ya Ogasiti. Tenti inkangoti phaphapha, chokuzira mawu chikulira, jenereta ikutsokomola. Mlaliki anatsitsa mawu, kenako anawakweza pang'onopang'ono, analoza pansi, anaponda, n'kutambasula mkono. Analankhula nthawi yaitali kwabasi. Tenson anam'tembenukira kuti aone milomo, koma pa zonsezo khutu lake linatola mawu atatu okha: m'bale, magazi, nthaka. Mlendo anakhala chete n'kumuyang'ana. Khamu lonse linamuyang'ananso.

Mutu unaima, koma pakamwa sipanaime. Masiku atatu anali akumasulira za a sataniki, choncho anaganiza kuti nkhani ikadali yomweyo. Tsono magazi okhawo amene iye anawaonapo akulowa m'nthaka anali a mbuzi za a Jafali.

"Pali wina pakati panu, mumuitana kuti m'bale," anafuula Tenson. "Akumba pansi, athira magazi, akamba mawu yamene simumva, afotsera."

Anaona kuti sanafike pa kutalika kwa mawu a mlendo, ndiye anawonjezera.

"Mudya nyama ya m'manja mwake, koma simudziwa kwamene magazi yayenda."

Anaponda pansi n'kutambasula mkono monga anachitira mlaliki. Koma poti anali moyang'anizana naye, mkono wake unapita mbali ina, chala n'kukathera kum'mawa kwa bwalo, kumene kunkaoneka mango a pakhomo pa a Jafali. Mitu yonse inatembenukira kumeneko, ndipo m'tenti monse munangoti zii. Chimene Tenson anamva mumtima nthawi imeneyo sichinali manyazi ayi, tisam'kometsere. Anamva kukoma. Anali asanagwirepo khamu chotero.

Okonza msonkhano ankajambula ulaliki pa makaseti, ndipo anthu anagula ambiri. Tenson anapatsidwa yake, anaiika pansi pa sutikesi, ndipo sanaiikepo m'wailesi. Ankadziuza kuti alibe mabatire. Chenicheni n'chakuti ankaopa kumva zimene mlendo uja ananena. Anthu ena ankaiimba pa golosale ndi kuchigayo. Pofika pa Chingelezi ankacheza zawo, pofika pa mawu a Tenson n'kutontholetsana.

Zinthu sizinasinthe tsiku limodzi. Pa ukwati wa mu Seputembala mbuzi anapha mkamwini wina wa manja olemera, nyama n'kutuluka yofiira ngati yofa yokha, koma anthu anadya osadandaula. Pa mjigo amayi anayamba kusuntha ndowa zawo mkazi wa a Jafali akafika. Zitumbuwa zinkabwerera kunyumba zonse. A Zebron, mkulu wa mpingo, amene kwa zaka zambiri ankalandira mwendo wa mbuzi ndi manja awiri, anayamba kukumbutsa anthu Lamulungu lililonse kuti dziko lino linalengezedwa kuti ndi la Chikhristu, ndipo iwo sakumvetsa chimene kachisakasa ka Msilamu kakuchita pakati pa minda ya ana a Mulungu. Kachisakasako, mmene a Jafali ankaswaliramo kasanu pa tsiku, kanali ka udzu, kuseri kwa nyumba yawo. Munali mkeka ndi ketulo ya madzi osamba asanapemphere, basi.

Nelesi anamufunsa mwamuna wake kamodzi kokha, uku akusenda mtedza, kuti mlendo wongofika kumene anadziwa bwanji za kadzenje. Tenson anayankha kuti za Chingelezi azisiyire ozidziwa. Nelesi sanafunsenso, koma kuyambira tsiku limenelo ankapita kumjigo limodzi ndi mkazi wa a Jafali, ndowa zawo zikugundana. Tenson ankadziuza kuti mvula ikagwa anthu atanganidwa ndi minda ndipo nkhaniyo izizira yokha. Akakumana ndi a Jafali pa malire ankapatsana moni, moniwo n'kumafupika sabata ndi sabata. A Jafali sanafunse kanthu. Ankangomuyang'ana ngati munthu amene akudikira kuti mnzake amalize chimene anayamba kunena.

Mvula inagwa, ndipo inabwera ndi malungo. Mu Januwale mwana wa Tisauke, mayi wamasiye wa mumpingo momwemo, anadwala masiku anayi, zikhatho n'kuyera mbee. Kuchipatala anamuuza mayiyo kuti mwanayo magazi atha m'thupi, ndipo anamwalira asanam'tumize ku Lusaka. Anamwino amanena mawu amenewo kwa amayi ambiri chaka chilichonse, ndipo amatanthauza zimene malungo amachita. Koma chaka chimenecho mawuwo anagwera m'makutu amene anali atamvera kaseti miyezi isanu. Ngati magazi atha, apita kuti? Pamaliro funso limeneli linkayenda m'manong'onong'o kuchokera kwa amayi kupita kwa amuna.

Pochoka kumanda, dzuwa lili pamutu, amuna amene anakumba manda sanatule makasu ndi mafosholo. Anapita nawo kwa a Jafali, khamu likutsatira, Tenson ali m'kati mwake. Anakumba kuseri kwa khola, pamene a Jafali ankazingira nkhuku ndi mbuzi zawo, n'kupeza dothi lakuda lonunkha. Akanapezanso chiyani pamenepo? Koma amayi analira ngati aona mtembo wachiwiri, ndipo wina anayatsa kachisakasa kaja. Udzu unali wonyowa, unkangofuka utsi. Ketulo ija inagubuduzika mpaka pamapazi pa Tisauke, amene anali chiimire, m'maso muli gwa.

A Jafali anatuluka m'nyumba, kachipewa kali kumutu. Sanakweze mawu. Anafunafuna ndi maso mpaka anam'peza Tenson.

"M'bale wanga alipo apa," anatero. "Ndiye anamva Chizungu cha mlendo uja. M'bale, auzeni. Anakamba za ine?"

Anthu anapatuka, Tenson n'kutsala poyera. Zinali zosavuta kunena, ndipo mawu ake anali kale pa lilime: sindinamve, mphepo inandisokoneza, ndinathirapo anga. Koma anaona nkhope za anthu amene ankam'bweretsera makalata, anaona a Zebron, n'kumva m'mutu mwake kuseka kumene kukanatsatira dzina loti ba Ticha mpaka kumanda. Makasu aja anawaopanso, n'zoona. Koma chimene anaopa kwambiri chinali kusekedwa.

"Ine nimasulira chabe," anatero. "Chamene namva, ndiye chamene nakamba."

A Jafali anagwedeza mutu kamodzi n'kubwerera m'nyumba. Palibe anawamenya. Anthu anabalalika okha mvula itayamba kudontha, ndipo ena pambuyo pake ankanyadira kuti nkhaniyo anaiyendetsa mwachikhristu.

Patapita masiku atatu, m'mawa, ngolo ya ng'ombe inaima pakhomo pa Tenson. Inali ndi mphasa, mapoto ndi nkhuku zomanga miyendo, mkazi wa a Jafali atakhala pamwamba, chitenje chili kumutu. A Jafali anatsika ndi nkhwangwa imene anabwereka mvula isanayambe.

"Nkhwangwa yanu, a Daka," anatero. "Sinifuna akambe kuti ninali kawalala futi."

Zaka pafupifupi makumi awiri anali asanamutchulepo kuti a Daka. Tenson analandira nkhwangwayo ndi manja awiri. Nelesi anatsatira ngoloyo akulira mpaka pa msewu waukulu. Mapira a a Jafali anatsala ali obiriwira, ndipo munda unapita kwa a Zebron, amene anati sangalole nthaka yabwino kugona.

Kuyambira pamenepo mawu ake omwe anayamba kumusaka Tenson. Akapita kuchigayo ankawapeza atafika kale. Tsiku lina anakwera minibasi ya ku Chongwe, dalaivala n'kuika kaseti ija, ndipo anakhala wopanikizika pakati pa thumba la makala ndi mayi wosam'dziwa, akumva mwamuna wa mawu okoma akufuula kuti pali wina pakati panu. Mayiyo anagwedeza mutu n'kunena kuti kwawonso aliko wotero, telala wina wosapita kutchalitchi, ndipo anthu ayamba kumuyang'anitsitsa. Tenson anatsika asanafike n'kumalizitsa ulendo wapansi. Mlaliki wina atabwera, Tenson anaimirira kuti amasulire monga mwa kale, koma mlendoyo atatambasula mkono, wa Tenson unakana kudzuka. Anauika m'thumba n'kuuza mpingo kuti wagwidwa ndi nyamakazi. Anaonda. Pakhomo pakamaphedwa nkhuku ankachokapo, chifukwa agalu tsopano ankanyambita magazi poyera ndipo iye sankatha kuyang'ana.

Juliet anali atakula, ali mphunzitsi, ndipo chaka chimenecho ankawonjezera maphunziro ku koleji ya ku Chalimbana. Munthu uja amene Tenson ankamuopa, wodziwadi Chingelezi, anali atam'lera yekha m'nyumba mwake. Pa tchuthi cha Disembala amayi ake anam'fotokozera zonse, n'kutulutsa kaseti ija pansi pa sutikesi osapempha mwini wake. Juliet anaiika m'wailesi yake pansi pa mtengo, masana, abambo ake akusema mpini chapafupi. Mawu a mlendo ankamveka bwino, chifukwa makina ojambulira sanasokonezedwe ndi mphepo. Anamvetsera, anabweza, anamvetseranso. Kenako anazimitsa.

Anawauza abambo ake mwaulemu, osawayang'ana kumaso. Mlendo uja, atatha masiku atatu akunyoza zipembedzo za ena, anafuna kutseka ndi nkhani ya m'Malemba imene mwana aliyense wa Sande sukulu amaidziwa, ya munthu amene anapha m'bale wake kumunda, Mulungu n'kumufunsa kumene m'baleyo ali, popeza magazi ake ankalira kuchokera m'nthaka. Ankauza anthu kuti aliyense amene walakwira m'bale wake apite akakonze dzuwa lisanalowe. Za kadzenje, za nyama, za mawu achilendo, munalibe. Juliet anawonjeza kuti ngakhale lamulo lija loti dziko lino ndi la Chikhristu, limene a Zebron amakonda kutchula, pamzere womwewo limanenanso kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wopemphera mmene akufunira.

"Atate," anatero, "amalume Jafali analakwa chani?"

Tenson anaika mpini uja pansi. Nkhaniyo ankaidziwa bwino, anali ataimasulirapo kangapo pa maulaliki ena. Mawu atatu aja anawamva molondola onse, iye ndiye anawasokerera pa nsalu ina.

Lamulungu lotsatira anapempha kulankhula mumpingo. Anaima kutsogolo popanda mlendo pambali pake, kwa nthawi yoyamba akunena mawu akeake, ndipo anali ochepa. Anati Chingelezi chake n'cha m'khola la ng'ombe. Anati tsiku lija anamva mawu atatu okha, ena onsewo anapeka kuti asaoneke wakudya mawu. Anati a Jafali sanalakwe kanthu, mwana wa Tisauke anafa ndi malungo, ndipo ngati pali wofunika kum'thamangitsa m'mudzi ndi iyeyo. Kenako anadikira kuseka kuja kumene anakuopa mpaka kupereka m'bale wake. Anali wokonzeka kukulandira. Ankachita kukulakalaka.

Palibe anaseka. A Zebron anaimirira, nkhope ikuwala, n'kum'gwira paphewa mwachikondi.

"Abale, mwamva chodabwitsa?" anatero. "Mlendo sanadziwe kanthu. Ba Ticha naonso sanamve Chizungu. Manje mawu yaja yanachoka kuti? Ni Mzimu weka unakamba."

Mpingo unaomba m'manja. Ng'oma inalira, amayi anaimba nthungululu, wina n'kuyambitsa nyimbo. Tenson anayesa kulankhulanso koma nyimboyo inam'meza. Mwa anthu onsewo Tisauke yekha ndiye anakhala pansi osaimba, kenako anatuluka, ndipo sanapondenso mumpingomo. N'zowawa kunena, koma kuyambira tsiku limenelo kaseti ija inayamba kufunidwa kuposa kale.

Tenson nayenso analeka kupita. Anakwera minibasi kukafunsa m'mizikiti ya ku Lusaka. Ena anati a Jafali anabwerera ku Chipata, ena anati anawolokera ku Malawi, wina anati anamva za maliro koma sakudziwa ngati anali a mwamuna kapena a mkazi. Anabwerako ndi kalata imene anawalembera, yopanda keyala, ndipo inakhala m'thumba lomwe lija la jekete mpaka pepala linafewa ngati nsanza. Kenako anayamba kuyenda khomo ndi khomo kupempha makaseti. Ena ankakana, ena ankam'patsa poganiza kuti akufuna kukawapempherera. Ankapita nawo kudzala la kuseri kwa nyumba yake n'kuwaphwanya ndi nkhwangwa ija, tepi yakuda n'kumatuluka ngati matumbo a nkhuku. Ankadziwa kuti ku tauni akujambulabe ena, komabe ankaphwanya.

Mu Epulo 1999 mapira anayamba kucha m'munda uja wa a Jafali, ndipo mbalame zinatera. Mkazi wa a Zebron, mayi wosataya kanthu, anadutsa padzala paja, anaona tepi itaunjikana, n'kuitola yonse. Tepi ya kaseti ili ndi ntchito m'munda wa mapira. Amaimanga pa timitengo kuchokera mbali ina kufika mbali ina, ndipo ikamanyezimira padzuwa n'kumalira ndi mphepo, mpheta zimaopa. Mayiyo anaimanga mizeremizere mpaka pa malire penipeni, pamene amuna awiri aja ankaima kupatsana moni.

Tenson anaimva tepiyo m'mawa mwake akupita kumunda. Kunali kung'ung'udza kotsika, kosalekeza, kokwera mphepo ikakula n'kutsika ikachepa, ngati munthu akulankhula kuseri kwa khoma. Anaima pamalirepo, dzanja lili m'thumba. Nelesi atabwera ndi dengu anam'peza ali chiimire, khutu litapendekera kumunda wa a Jafali, ndipo anamufunsa chimene akumvetsera.

"Mawu atatu chabe," anatero Tenson. "Koma manje niyamva bwino."